Thumba la maliro ndi chotupa cha m'bere

Mwa matumba akale amene anthu athu anayambitsa mu mzinda wa Bulawayo, lodziwika kwambiri ndi la maliro. Abambo amene ankachoka ku Nyasaland kubwera ku Southern Rhodesia, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, ena wapansi kudzera ku Tete, ankadziwa kuti akafera kuno palibe mwini mbumba woti ayendetse zovutazo. Ndiye ankasonkhana potsata kwawo, a ku Dedza paokha, a ku Nkhata Bay paokha, a ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, paokhanso. Mwezi ukatha aliyense ankaponya kangachepe kuti tsiku la tsoka papezeke bokosi, ufa, ndiwo ndi anthu ochezera pa siwa. Ambiri ankagwira ntchito ku njanji, poti likulu lake linali konkuno, ena m'mafakitale a ku Belmont, ena ukhukhi m'nyumba za azungu. Ankagona ku Makokoba, ku Sizinda, ku Njube, ku Mpopoma.

Gulu lathu ndi mdzukulu wa matumba amenewo. Anzathu a ku Malawi amati chipereganyu, a ku Zambia amati chilimba, kuno timamva mukando, kutsidya kwa Limpopo amati stokvel, koma mwambo ndi womwewo: kusonkha, kudikira ndi kukhulupirirana. Akomiti atandipempha kuti ndilembe mbiri m'kabuku ka chikondwerero chathu, ndinasankha kulemba za khansa ya m'mawere. Chifukwa chake n'choti tinatengera kwa makolo luso loika munthu m'manda mwaulemu, ndipo pamenepo palibe angatiphunzitse. Koma matenda awa amafuna ndalama ndi anthu poyambirira, mayi akangokhudza kanthu kolimba m'bere akusamba, pamene thumba lathu limakhala lili chitsekere.

Chipatala cha Mpilo chinatsegulidwa mu 1958, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuti chikhale cha anthu akuda. Dzinalo m'Chindebele limatanthauza moyo. Mu 1963 pachipatalachi panayambika kaundula wolembamo odwala khansa, mmodzi mwa akaundula oyambirira mu Africa, ndipo ntchitoyo ankaitsogolera ndi Dr Skinner. Kaundulayo anaima kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nkhondo itafika povuta, kenako wa dziko lonse anadzayamba ku Harare mu 1985. Choncho mzinda wathu unayamba kalekale kuwerenga matenda amenewa. Koma kaundula amalemba munthu amene wafika pachipatala, ndipo amayi athu ambiri sankafika.

Tauni ya atsamunda inamangidwira amuna ogwira ntchito. Mkazi ankabwera potsatira mwamuna, ndipo akadwala matenda amgonagona, nzeru yoyamba inali yomukweza sitima kapena basi kuti akaone kumudzi. Agogo athu analibe mawu oti khansa. Ankati chilonda chosapola, ndipo chilonda chosapola chinali ndi mwini wake, kaya mkazi mnzake, kaya wachibale wanjiru amene anatsala kumudzi akuona anzake akutumiza mabulangete. Ndiye ankayambira kwa sing'anga. Panalinso nkhani ya manyazi, imene mpaka lero imandidabwitsa. Mayi amayamwitsa mwana pa basi, pa msika, m'tchalitchi, palibe amatembenuka. Koma bere lomwelo likadwala limasanduka chinsinsi, ndipo kulionetsa kwa dokotala wamwamuna, wamsinkhu wa mwana wako, kumafuna mtima. Akanena kuti lidulidwe, mayi sankayankha yekha. Ankadikira bambo a m'nyumba, bamboyo n'kudikira kalata yochokera kwa atsibweni ku Ntcheu, kalatayo n'kuyenda mwezi wathunthu.

Ufulu utabwera mu 1980, boma linanena kuti aliyense wolandira ndalama zosafika 150 dollars pa mwezi azilandira chithandizo chaulere. Amayi athu amazikumbukira bwino zaka zimenezo. Sizinakhalitse. Mu 1991 kunabwera ndondomeko ya chuma ya ESAP, zipatala zinayamba kulimbikira kulipiritsa, mafakitale a nsalu ndi zovala anayamba kuchotsa anthu, ku njanji nakonso ntchito zinachepa. Bambo akachotsedwa ntchito, banja lonse linkataya mwayi wa kuchipatala umene unkabwera ndi ntchitoyo. M'pamene amayi ambiri ananyamula zikwama kuyamba ulendo wa ku Francistown, ku Musina ndi ku Johannesburg, atanyamula madoilo oluka ndi manja, pobwera atasenza sopo, mafuta ophikira ndi mapoto. Ambiri a ife tinaphunzira geni pa msana pa amayi amenewo. Tinalowa m'ntchito yopanda tchuthi cha odwala komanso yopanda medical aid, ndipo tidakali momwemo.

Zaka zomwezo Edzi inkakolola anthu. Inasiya chipsera chimene chinapweteka odwala khansa: munthu akaonda, tsitsi n'kuthothoka, anthu a mumzere ankamaliza okha nkhani. Mayi wolandira mankhwala a kemo ankabisala m'nyumba kuopa kunenedwa. Komabe Edzi yomweyo inatisonyeza kuti zinthu zimatheka. Dziko linaika msonkho wa Edzi wa 3 peresenti, mu 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, ndipo Mpilo inali m'gulu la zoyambirira. Kunabwera magulu olimbikitsana, aliyense n'kukhala ndi mnzake womukumbutsa mankhwala. Lero munthu amakatenga mabotolo ake ku kiliniki ngati akukagula buledi. Khansa ya khomo la chiberekero nayo inapeza njira yake, poti kuyeza kwa VIAC kumapezeka m'malo ambiri. Khansa ya m'mawere, imene ndi yachiwiri mwa khansa zogwira amayi mu Zimbabwe muno, inatsalira m'mbuyo.

Ife a mtundu wa matchona tinali ndi chopinga chinanso, cha mapepala. Anthu obadwira ku Mzilikazi, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, ankayenda ndi chitupa cholembedwa kuti alien. Lamulo la unzika la 2001 linawauza kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ena sankadziwa n'komwe njira yake, ndipo ambiri anatsala opanda kwawo. Wina angafunse kuti izi zikukhudzana bwanji ndi bere. Zikukhudzana pa windo. Kalata ya boma yothandiza osauka kulipira kuchipatala, ija amati AMTO, imatengedwa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo kumeneko amayamba afunsa chitupa. Wopanda setifiketi yobadwira sapeza pasipoti, wopanda pasipoti sangapite kukafuna chithandizo kunja. Ndipo munthu amene wakhala akubwezedwa m'maofesi moyo wake wonse amaphunzira kuopa windo lililonse, ngakhale la kuchipatala. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri. Gawo 43 linabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo gawo 76 limanena kuti munthu wodwala matenda okhalitsa ali ndi ufulu wolandira chithandizo. Koma kufikira lero alipo amayi achikulire ku Sizinda ndi ku Makokoba amene sanakasinthe chitupa chija.

Za 2005 ndi 2008 sindichulutsa mawu, tonse tinalipo. Murambatsvina inagwetsa mabenchi athu m'nyengo yozizira ya 2005. Mu 2008 ndalama yosonkha m'mawa inkafika madzulo isakugula mtolo wa masamba, manesi ndi madokotala ananyanyala, mashelefu a mankhwala anali mbee, kolera n'kubuka, imene pofika pakati pa 2009 inali itapha anthu oposa 4,000. Pofika Januwale 2009 tinagwira pepala la 100 trillion. Magulu amene anapulumuka ndi aja ankasunga ma rand kapena kusandutsa ndalama kukhala shuga ndi mafuta. Kuchokera apo taona bond note mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu 2024. Mayi wodwala khansa amafuna ndalama yoti idzakhale ndi mphamvu miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayo, ndipo ndalama ya dziko lino yakhala ikulephera kulonjeza zimenezo.

Tsopano tiyende njira imene mayi amayenda, chifukwa ambiri timaidziwa mwa apo ndi apo. Amayambira ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lake. Nesi akakhudza chotupa amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu, Mpilo kapena United Bulawayo Hospitals. Kumeneko amapatsidwa tsiku loonana ndi dokotala wa opaleshoni. Dokotalayo amafuna chithunzi cha bere, sikani kapena mammogram, ndipo makina a boma akakhala kuti sakuyenda, chithunzicho chimakajambulidwa kwa apulaiveti. Kenako amatenga kanyama ka pa chotupacho kuti kakapimidwe ku labu, poti palibe angatchule kuti ndi khansa kanyamako kasanaonedwe. Zotsatira zimadikiridwa. Zikabwera pali kuyeza magazi ndi kujambula chifuwa, kenako opaleshoni, kenako kemo, amene nthawi zambiri amaperekedwa pa dripi milungu itatu iliyonse, maulendo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Ambiri amafunikanso kuwotchedwa ndi makina, Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu ingapo. Pamapeto ena amamwa mapiritsi monga tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu kapena kuposa.

Werengani makomo amenewo. Khomo lililonse lili ndi mtengo wake, ndi kombi yake yopita ndi yobwera, ndi tsiku lake lathunthu pa benchi ya chipatala. Wa pa ofesi amalemba kalata ya tchuthi. Ife tikachoka pa msika wa Fifth Avenue tsiku limodzi, tomato amafewa, kasitomala amazolowera benchi ya mnzako. Bungwe la WHO, limene linati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi matendawa padziko lonse, limafuna kuti kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala, pasadutse masiku 60 asanadziwe chimene akudwala. Limafunanso kuti amayi 60 mwa 100 alionse azipezeka matenda ali pa siteji yoyamba kapena yachiwiri. Kuno ambiri amafika ali pa yachitatu kapena yachinayi. Anthu amafulumira kunena kuti amayi ndi osadziwa. Ine ndimakana. Amayi ambiri amene ndawaperekeza anadziwa msanga kuti china chake chalakwika. Chimene chinawachedwetsa ndi masamu.

Mmodzi wa ife, amene sindimutchula dzina poti ana ake adzawerenga kabuku kano, anakhudza chotupa nthawi ya dzinja. Sichinkapweteka. Ulendo wake wolandira chipereganyu unali wa mu Disembala, ndipo anaganiza zodikira kuti akapite kuchipatala ali ndi ndalama m'manja, asakachite manyazi pa windo. Miyezi yonseyo ankabwera ku msonkhano, kusonkha pa nthawi yake, kuseka nafe. Pamene Disembala ankafika, khungu la bere linali litachita timaenje ngati khungu la lalanje, m'khwapa muli mwanabere. Tinamuika bwino kwambiri. Panali basi, panali nyama, panali yunifolomu. Ndalama imene inatuluka pa maliro akewo ikanakwana sikani, kupima kanyama ndi zina zotsatira, ikanatuluka miyezi isanu m'mbuyomo. Malamulo athu analibe mzere wolola zimenezo, ndipo iye ankawadziwa bwino malamulowo.

Pali zonena za pa msika zofunika kuziwongola. Kusunga ndalama kapena foni mu bra sikuyambitsa khansa. Ndalama zichotsenimo chifukwa cha thukuta ndi akuba, osati chifukwa cha matenda. Mpeni wa dokotala sufalitsa khansa. Amene amamwalira atangochitidwa opaleshoni kawirikawiri amakhala kuti anafika matenda atayenda kale m'thupi. Ndipo zotupa zambiri za m'mawere si khansa ayi, makamaka mwa atsikana, koma woti anene zimenezo ndi wa ku labu. Chotupa chosapweteka, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka ku nsonga, khungu losintha, chotupa m'khwapa, zonsezi n'zoti munthu apite nazo ku kiliniki sabata yomweyo. Kupemphera sindikuletsa, inenso ndimavala yunifolomu ya Chigwirizano. Koma mneneri amene akuuza mayi kuti ataye mankhwala a kuchipatala sadzabwera kudzalera ana ake.

Nkhani ya makina owotchera ndi imene imasonyeza bwino mmene malire amatimangira. M'dziko lonse la Zimbabwe zipatala za boma zokhala ndi makinawa ndi ziwiri, Parirenyatwa ku Harare ndi Mpilo kuno. Choncho mayi wa ku Binga, wa ku Hwange, wa ku Gwanda, wa ku Beitbridge, onse maso amakhala pa Bulawayo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 nyuzipepala zinalemba kambirimbiri kuti makina a mbali zonse ziwiri aima, ndipo ena anakhala chiimire kwa zaka. Wokhala nazo ankapita kwa apulaiveti ku Harare, ulendo wa makilomita pafupifupi 440, kapena ku South Africa, kapena ku India. Ena ankayang'ana ku Lusaka, kumene Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007. Nzeru ya makolo ija yomutumiza wodwala kumudzi sikanathandiza, chifukwa kwa zaka zambiri Malawi analibiretu makina otere, ndipo odwala a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central ankadikira mwayi wotumizidwa kunja. Asisi athu a ku Lilongwe ankatiimbira kufunsa ngati wodwala wawo angabwere kuno, ife tikufunsa a ku Johannesburg funso lomwelo. Mu 2024 boma linayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa n'kulonjeza kuti ndalamazo zigulira zipangizo za khansa. Ife ogulitsa zakumwa msonkhowo tinaumva pa mtengo wa kireti, ndiye tili ndi ufulu wofunsa kumene wafika.

Mu Malichi 2020, dziko litatsekedwa chifukwa cha COVID-19, tinaona kuti chingwe chathu n'chopyapyala bwanji. Geni inaima, ndipo mapiritsi amene ena ankaitanitsa kuchokera ku South Africa kudzera kwa omalayitsha anayamba kuvuta kufika. Mukuru ndi EcoCash zinathandiza kusuntha ndalama, koma ndalama siperekeza munthu kuchipatala.

Kuperekeza kumeneku ndiko amayi amene anadutsamo amakutchula koyamba ndikawafunsa chimene anasowa. Dokotala amalankhula Chingerezi, nesi amamasulira m'Chindebele, mayi wachikulire amene amaganiza m'Chinyanja amangogwedeza mutu, ndipo mawu oti khansa akangomveka makutu amatseka. Pamafunika munthu wachiwiri wokhala ndi kope ndi cholembera, woti afunse kuti tibwerenso liti, tigule chiyani, nanga akasanza usiku titani. Pamafunika woti akhale pa benchi yake ya malonda tsiku la dripi ndi masiku atatu otsatira, n'kubweza ndalama yonse osachotsapo. Wochokera kutali amafuna pogona pafupi ndi chipatala kwa milungu yonse ya kuwotchedwa, ndipo ife a ku Mzilikazi, Barbourfields ndi Makokoba tili ndi zipinda zoyenda wapansi kukafika ku Mpilo.

Zina amayi sanena pokhapokha muli awiri. Akachotsa bere nthawi zambiri amachotsanso timabere ta m'khwapa, ndipo mkono wa mbali imeneyo umatha kutupa n'kulemera. Kwa mayi amene moyo wake ndi kukweza belo la kaunjika pa basi ku Renkini, limenelo ndi vuto la chakudya cha ana. Mnzathu wina amene anachira, ndipo mpaka pano amapita ku Francistown, anachita kusintha geni, kusiya mabulangete n'kuyamba mafuta odzola ndi timaunyolo, zinthu zopepuka. Anafunika mpamba watsopano, ndipo anaupeza kwa mlongo wake, osati kwa ife. Bere loikirira la m'sitolo ndi lodula, koma ana a amayi oluka madoilo sangalephere kuluka lofewa la thonje. Palinso za m'nyumba. Alipo abambo amene anagona pansi m'khonde la chipatala kudikira akazi awo, ndiwapatse ulemu wawo. Aliponso amene anasamukira kuchipinda china osanena kanthu. Mayi wotere amafuna mnzake amene anadulidwapo bere, woti amuuze zoona za thupi ndi za banja, zimene nesi wotanganidwa alibe nazo nthawi. Ndipo matenda akafika poti sachizika, ululu uli ndi mankhwala ake. Island Hospice, imene inayamba ku Harare mu 1979 ndipo ili ndi nthambi kuno, imathandiza mabanja kusamalira wodwala pakhomo. Cancer Association nayo imapereka uphungu. Ambiri timamva za mabungwewa mochedwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chindapusa. Lamulo lathu limati wochedwa kusonkha alipire, wojomba ku msonkhano alipire, ndipo lamulo limeneli ndi limene latisunga zaka zonsezi pamene magulu ena ankatha ndi mikangano. Koma mayi wa pa kemo amachedwa mwezi woyamba, wachiwiri amachita manyazi, wachitatu amasiya kuyankha pa WhatsApp, ndipo timadzamva za iye kwa mwana wake. Amatuluka m'gulu nthawi yomwe akulifuna kwambiri.

Pa msonkhano waukulu wa chikondwerero chino, ife a nthambi ya Bulawayo tibweretsa mfundo zitatu kuti zilowe m'malamulo. Membala amene waonetsa kalata ya ku kiliniki yomutumiza kukapimitsa bere alandire chipereganyu mwezi womwewo, ndipo odziwa chifukwa chake akhale msungichuma ndi mayi mmodzi yekha amene mwiniwake wasankha. Wodwala amene ali pa chithandizo asalipire chindapusa, ndipo malo ake asungidwe. Pa ndalama iliyonse yolowa m'thumba la maliro, gawo lina lipatulidwe kuti likhale la sikani, labu ndi thiransipoti. Anzathu a ku Musina afunsa kale kuti thumbalo lidzasungidwa mu ma rand kapena mu madola a ku America, ndipo a ku Lilongwe akufuna kudziwa kuti kwacha ikagwa pakati pa chaka adzawerengeredwa pa mtengo uti. Asungichuma a nthambi zonse abwere ndi mabuku awo.